Kuseri kwa Kabati ya ku Ndola

Zakeyo ndi Misozi, ana anga, chigawo ichi cha mbiri yanga ndikuchilemba chifukwa cha zimene zinachitika Loweruka lapitali. Tinagwirizana kuti nyumba yathu ya ku Chamboli igulitsidwe, popeza mawondo sakundilolanso kukhala ndekha, ndipo ndikakhala kwa Misozi ku Ndola. Tsono iwe Zakeyo, pokonzekera ogula, unavula shati n'kuyamba kukankhira kabati ya zovala ku khoma la kuchipinda, pamene pali mng'alu paja. Ndinakukalipira pamaso pa mkazi wako, iwe bambo wa ana atatu. Unangoti, "Koma amai, si ndiye inali ntchito yanu imeneyi? Zaka zonse zija munkachita chiyani?" Sindinakuyankhe chifukwa ndinali nditapsa mtima. Kukalipako ndikupepesa. Koma funso lako linali labwino, ndipo yankho lake ndi lalitali, choncho khala pansi.

1999, ku Chisokone

Ntchito yolembedwa ndinaiyamba ndili ndi zaka makumi anayi, msinkhu umene ena amayamba kuganiza zopuma. Bambo anu anali atangochotsedwa ntchito kumgodi pamodzi ndi anzawo ambiri. Mwayi wathu unali umodzi, wakuti nyumba imene tinkakhala anaigulitsa kwa ife tomwe. Denga tinali nalo, koma munthu sadya denga. Ndinanyamula makina anga osokera n'kukapempha kamalo kumsika wa Chisokone ku Kitwe, pakati pa mayi wogulitsa zitenje ndi mkulu wina wokonza nsapato. Madiresi ankandivuta, chifukwa azimayi a ku Kitwe safuna kumva kuti anenepa, amati telala ndiye waba nsalu. Makatani ndiwo anandiyanja, pakuti zenera silikangana ndi telala.

Tsiku lina kunabwera munthu wamfupi, wa mawu aakulu kuposa thupi, atavala jekete dzuwa likuswa mtengo. Anali Bambo Kapembwa, Mbemba amene anali ndi kaofesi kogulitsa nyumba za anthu m'tauni. Masiku amenewo ambiri ochotsedwa ntchito ankafuna kugulitsa nyumba zawo n'kubwerera kumudzi, ndiye maejenti anali mbwee. Chinyanja cha Bambo Kapembwa chinkatsimphina mwendo umodzi, koma eni ake sankachita nacho manyazi.

"Mwapoleni, mayo. Nifuna makatani ya mawindo sikisi. Yabwino, koma yochipa."

"Zabwino ndi zotchipa sizigona nyumba imodzi, bambo," ndinatero.

"Awe, mu nyumba yanga zizagona."

Nyumbayo inali kumayadi, kumene kumakhala anthu opeza bwino, ndipo inali itakana kugulidwa miyezi isanu ndi iwiri. Nditapita kukapachika makataniwo ndinamvetsa chifukwa chake. Inali yolimba ndithu, koma inkanunkha mileme ndi fumbi, ndipo ukayankhula mawu ako ankakubwerera. Ndinachita manyazi kusiya makatani anga atsopano pauve wotero. Ndinabwereka tsache kwa oyandikana nawo, ndinagula kachitini ka polishi wofiira ndi ndalama yanga ya basi, n'kugwada pakhonde monga tinkachitira ku Chamboli Loweruka lililonse. Aliyense wokulira m'komboni ya mgodi akudziwa kuti mkazi ankayezedwa ndi kuwala kwa khonde lake. Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba wapansi, ndipo bambo anu anandiseka kuti ndapukutira mileme.

Patapita masiku anayi Bambo Kapembwa anatulukira ku Chisokone ali wefuwefu.

"Bana Zakeyo, munaikamo muti wa shani mu nyumba ija?" anafunsa, akunditchula amake Zakeyo m'Chibemba.

"Ine ndine wopemphera, bambo. Mankhwala sindigwira."

"Nanga ni chani? Mukazi wa kasitomala afika chabe pa veranda, avula nsapato! Nyumba ilibe mwine, avula nsapato! Pamene apo auza mwamuna wake ati, ni yamene iyi. Mwamuna akali kuyangana silingi, mukazi ali kale mu kicheni."

Anandilemba ntchito tsiku lomwelo. Pakalata analemba kuti ndine wosesa, chifukwa ntchitoyo inalibe dzina. Ana a masiku ano anaipezera dzina la Chingerezi ndipo amaijambula pa foni. Ine ndikafunsidwa ndinkangoti ndimaveka nyumba.

2000 mpaka 2010

Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo ntchito yanga inali kuphunzitsa nyumba zosaoneka bwino kuimba. Sukulu yake kunalibe. Ndinaphunzira poima pakona ndi kansanza m'manja, chifukwa wosesa saonedwa, anthu amayankhula zakukhosi ngati palibe munthu. Ndinaona kuti munthu sagula njerwa. Amagula zimene akudziona akuchita m'nyumbamo. Bambo amayamba waima pamene adzaimike galimoto, ngakhale wabwera pa minibasi. Mayi amalunjika kukhitchini n'kuima pasinki kuyang'ana panja, ndiye zenera limenelo ndinkalitsuka kawiri, ndipo pachingwe chakuseri ndinkayanika kayunifolomu ka sukulu. Inde Misozi, kumeneko ndi kumene kunkapita kayunifolomu kako kakale, kamene unkati kanabedwa. Apongozi akabwera nawo, iwo amayenda pabwalo mwakachetechete akuwerenga mapazi. Sanena, koma amakhala akuyeza ngati pangakwane tenti ya maliro ndi alendo a phwando la mkwatibwi. Choncho zitsulo zakale ndi matayala ndinkachotsa, udzu ndinkatchetcha, kuti bwalo litambasuke.

Zovuta zinali nyumba zimene eni ake anali akukhalamobe. Zithunzi za ukwati, masatifiketi a ana, kalendala ya mpingo, zonsezo zinkayenera kutsika pakhoma. Wogula akaona nkhope ya bambo wina ikumuyang'ana amakhala pampando mawondo ali phatikize, ngati mlendo, ndipo mlendo sagula nyumba. Mdala wina ku Ndeke anandigwira mkono n'kunena kuti, "Mukuchotsa mkazi wanga pakhoma? Imfa inamuchotsa kale, inunso?" Ndinavula chitenje changa, ndinakulunga chithunzicho n'kumupatsa m'manja. Anakhala nacho pansi pa mtengo wa mango mpaka ogula atapita. Kuyambira pamenepo sindinaikenso chithunzi cha munthu m'katoni.

Katundu wovekera tinali naye wochepa. Sofa imodzi yabulauni, tebulo, mipando inayi, maluwa apulasitiki, ndi kabati ya mbale yagalasi imene Bambo Kapembwa ankainyadira kuposa china chilichonse. Lolemba katunduyo ali ku Nkana, Lachitatu ku Luanshya, Lachisanu tamukweza pakavani kupita ku Ndola. Sofa ija inalowa nyumba zambiri kuposa wowerenga mita ya madzi. Mabedi tinalibe. Ndinkasanja makireti a zakumwa, pamwamba makatoni, kenako bedikava yokongola ndi mitsamiro iwiri. Tsiku lina bwana wina wonenepa, ndisanamuchenjeze, anati ayese kufewa kwake. Tinangomva phofo, miyendo ili m'mwamba. Mkazi wake anaseka mpaka kukhala pansi, misozi ili mbwembwembwe, ndipo akupukuta m'maso anati nyumba imene yamuseketsa chonchi saisiya. Anaigula. Mwezi wonse Bambo Kapembwa ankandifunsa ngati sitingakonze zoti kasitomala aliyense azigwa.

Magetsi akakhalapo ndinkatenthetsa masikono mu uvuni kuti khitchini inunkhire. Akazima, ndinkakazinga mtedza pambaula kuseri n'kutsegula chitseko. Koma palibe chimene chinkaposa polishi wofiira uja. Ogula ambiri, ngakhale ovala masuti, anali ana a m'makomboni a mgodi, ndipo fungo limenelo linkawafikitsa kwa amayi awo asanaone n'komwe chipinda chimodzi.

Ndiyenera kunena zabwino za Bambo Kapembwa pano, kuti zimene zikubwerazo muzimve bwino. Malipiro sanachedwetsepo. Ntchito imeneyi ndiyo inakuphunzitsani nonse awiri. Bambo anu atamwalira, iwo anatseka ofesi masiku atatu, anapereka kavani kaja kuti kanyamule anthu ndi nkhuni, ndipo anagona panja ndi azibambo a ku Chamboli ngati wachibale. Pobwera kumanda anandiuza kuti, "Bana Zakeyo, malinga nili moyo, imwe simuzavutika." Munthu wotereyu ndi amene ndinadzamuchititsa manyazi pamaso pa kasitomala.

2011, ku Ndola

Unali mwezi wa Seputembala, kunja kutauma gwa. Tinapatsidwa nyumba ina kumunsi kwa tauni ya Ndola, kufupi ndi dambo. Mwini wake anali atasamukira ku Lusaka ndipo ankaimba foni tsiku lililonse. Nyumbayo inali itapakidwa penti posachedwa, mbee ngati chipatala. Nditagwada kuti ndiyambe kupukuta, ndinaona kuti pakhoma limodzi la chipinda chochezera penti yakana. Panali mzere wabulauni wofika m'mawondo, ndipo pansi pake khoma linkafufuma n'kumayoyoka ngati mchere. Ndinatuluka kukatunga madzi, ndipo mayi wa nyumba yoyandikana anandiitana pampanda.

"Ndimwe mwagula?"

"Iyayi, ndikungokonza."

"Ehe. Benangu baja, mvula ikayamba, katundu yonse benze kuika pa matebulo. Bana benze kugona kwa ine."

Bambo Kapembwa atabwera ndinawaonetsa mzerewo. Anauyang'ana kamodzi n'kuyang'ana kumbali.

"Kabati iyende apa," anatero.

"Bambo, muno mumalowa madzi."

"Bana Zakeyo, ino ni Seputemba. Mwaona manzi? Ine nigulisa nyumba, sinigulisa mvula. Ogula ali na menso yake."

Ndisakunamizeni, ana anga. Kabatiyo ndinaiika pamenepo ndi manja angawa. Ndinasanjamo mbale, ndinaika maluwa pamwamba, ndipo inakhala bwino kwambiri. Mumtima ndinati safunsa anadya phula, wogula akapanda kufunsa ndi zake. Ndinapaka polishi pakhonde, ndinayanika kayunifolomu, ndinatenthetsa masikono. Ntchito ndinaigwira yonse monga mwa masiku onse.

Wogula anafika cha m'ma teni koloko. Anali Mai Sakala, namwino amene anali atangopuma pantchito, mkazi wamasiye wolera adzukulu awiri m'zipinda ziwiri za lendi ku Twapia. Zonse zimene analandira popuma ankafuna kuziika m'nyumba, kuti adzukuluwo asadzasowe pokhala. Anabwera okha, atapanira kachikwama m'khwapa. Atafika pakhonde anaima. Anavula nsapato, kenako ndinaona mapewa awo akugwedezeka.

"Pepani, amai," anatero akupukuta misozi. "Ndi fungo ili. Amai anga ankapaka chonchi. Ife tinakulira ku Chamboli."

"Ku Chamboli? Inetu ndimakhala komweko."

"Ayi! Nanga kumudzi ndi kuti?"

"Ku Katete."

"Ife ku Petauke. Ndiye ndinu wakwathu!"

Tinagwirana manja n'kuyamba kufunsana za anthu, amene anamwalira ndi amene alipo. Bambo Kapembwa ataona kuti zinthu zikuyenda anandiphethira diso n'kutuluka kukaimbira foni mwini nyumba. Ine ndinkatsatira Mai Sakala chipinda ndi chipinda. Sanayang'ane kudenga. Sanatsegule mpopi, sanagogode khoma, munthu wophunzira amene zaka zonse ankazindikira matenda pongoyang'ana m'maso mwa wodwala. Anaima pasinki n'kuona kayunifolomu kako, Misozi, kakuuluzika pachingwe, ndipo anati, "Ngati ka mdzukulu wanga Tasila." Kenako anabwerera m'chipinda chochezera, anaima patsogolo pa kabati n'kunena chapansipansi kuti, "Mulungu wandiyankha. Ndikadzasamuka, amake Zakeyo, mudzabwere mudzandipakire polishi wotereyu."

Pamenepo ndinazindikira chimene ndinali nditachita. Misozi imene inali m'maso mwa mayi uja inali ntchito yanga. Bambo Kapembwa ankati ogula ali ndi maso ake, koma ine ndinkadziwa chotsekera masowo, ndipo ndinali nditawatseka. Nyumba zonse zam'mbuyo ndinkathandiza anthu kuona zabwino zimene zinalipodi. Iyi inali chikomekome cha nkuyu, ndipo wokometsa ndinali ine. Ndinaganiza za iwe Misozi, uli chaka chomaliza ku koleji. Ndinaganiza za kavani kaja kakunyamula nkhuni pa maliro a bambo anu. Ndinaganizanso za ana awiri amene sindinawaonepo, akukagona kwa oyandikana nawo mwezi wa Febuluwale. Panja ndinkamva Bambo Kapembwa akuseka pa foni.

"Mai Sakala," ndinatero, "ikani chikwama pansi. Gwirani mbali iyo."

"Tichite chiyani?"

"Tiisunthe kabatiyi. Pali chimene muyenera kuona."

Tinakoka azimayi awiri. Mbale zinalira m'kati, imodzi inaterereka n'kusweka pansi. Bambo Kapembwa analowa akuthamanga, foni ikadali kukhutu, n'kuima pakhomo kukamwa kuli yasa. Mai Sakala anawerama. Anaika dzanja pakhomapo monga amachitira pamphumi pa mwana wodwala malungo.

"Amafika pati?" anafunsa.

"Oyandikana nawo akuti m'mawondo."

Mai Sakala anadzuka. Anapita pakhonde, anavala nsapato zawo, n'kulowanso m'nyumbamo atavala. Anayenda zipinda zonse kachiwiri, ulendo uno akuyang'ana pansi pa makoma ndi kunsi kwa zitseko. Potuluka anapereka moni kwa Bambo Kapembwa mwaulemu, ine anangondifinya dzanja, n'kumapita kokwerera basi.

Bambo Kapembwa anandinyamula kuchoka ku Ndola mpaka ku Kitwe. Anaimitsa kavani pa Chisokone, pamalo pomwe anandipeza zaka khumi ndi ziwiri m'mbuyomo.

"Siyani makiyi pa mupando," anatero. Nditatsika anawonjezera, osandiyang'ana, "Bana Zakeyo, ine ninakulakwilani chani?"

Akanandilalatira zikanakhala bwino. Ine sanandilakwire kanthu.

2012

Ndinabwerera pamakina, maso atayamba kale kufooka. Musaganize kuti ndinkayenda modzitukumula. Misozi, iwe ukukumbukira mmene unamalizira koleji, ukudya kamodzi patsiku n'kumandinamiza pa foni kuti wakhuta. Masiku ena ndinkadzitukwana kuti ndinalowerera za eni. Ndinkati nyumba si yanga, wogula si m'bale wanga, nanga chinandituma n'chiyani?

Mwezi wa Febuluwale ndinapita ku maliro ku Ndola. Pobwerera miyendo inanditengera kumunsi kuja, sindikudziwa kuti ndinkafuna chiyani. Mwina ndinkafuna kuona kuti mayi wa pampanda uja ananama. Sananame. Bwalo lonse linali thamanda. Matiresi anali atayanikidwa pampanda, mabuku a sukulu padenga la chimbudzi. Pakhomo panali mtsikana, mwana ali kumbuyo, akukapa madzi ndi beseni kuchokera m'chipinda chochezera. Nyumba ija inali itagulidwa ndithu ndi banja lina laling'ono. Ndipo m'mazenera munali makatani anga, amene ndinasoka ndekha, atanyowa m'munsi mpaka kuda.

Ndinakwinya chitenje n'kulowa m'madzimo. Tinakapa awiri mpaka dzuwa litapendeka. Mtsikanayo anati, "Zikomo amai, Mulungu akudalitseni. Ise tinaikonda chabe tikaiona, yenze yowama maningi. Sitinaziwe." Sindinamuuze kuti ndine ndani. Mpaka lero ndimachita nazo manyazi. Ndinapulumutsa mmodzi, madzi anapeza wina, ndipo makatani amene anamukopa anali anga.

Mvula itatha, Bambo Kapembwa anabwera ku Chisokone. Jekete inali itawakulira. Anakhala pabenchi ya mkulu wa nsapato uja n'kuyamba kufunsa za umoyo wanga, za ana, za mtengo wa nsalu, zonse kupatula chimene anabwerera. Pomaliza anaulula. Mwamuna wa mtsikana uja ankabwera ku ofesi m'mawa uliwonse, osakalipa, osatukwana, n'kungokhala pampando wa alendo ndi nsapato zamatope mpaka nthawi yoweruka. Makasitomala akamufunsa, ankawafotokozera bwinobwino. Kwinaku Mai Sakala anali atabweranso kudzafuna nyumba, pamodzi ndi anamwino anzawo awiri opuma pantchito, koma ananenetsa kuti adzalowa m'nyumba yokhayo imene yavekedwa ndi amake Zakeyo.

"Bwelani, mayo," anatero Bambo Kapembwa. "Nalapa."

"Ndibwera. Koma khoma lililonse ndiziyamba ndaliona ine, ndipo chilema chikakhalapo, wogula azichiona asanakhale pasofa."

"Awe sure, muzanisaukisa imwe!"

"Mwasauka kale, bambo. Taonani jekete."

Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo ndinadziwa kuti tagwirizana. Chisanu chimenecho anatumiza amisiri kukakumba ngalande kuzungulira nyumba ya banja lija ndi kukweza khomo. Madzi sanatheretu, koma analeka kufika pamabedi. Mai Sakala tinawapezera kanyumba kakang'ono pamtunda, kokhala ndi chitseko chakuseri chodyedwa ndi chiswe, chimene ndinawaonetsa tisanapatsane n'komwe moni wokwanira. Tsiku losamuka ndinapita ndi kachitini kanga kukakwaniritsa pempho lawo lija. Anandiletsa kugwada ndekha, tinapaka awiri, Tasila akutiseka kuti ndife agogo opanda nzeru.

Ndinagwira ntchito zaka zina zisanu ndi ziwiri. Nyumba zina zinkachedwa kugulidwa chifukwa cha pakamwa panga, ndipo Bambo Kapembwa ankadandaula tsiku ndi tsiku, koma sanandiuzenso kuti ndisunthire kanthu pakhoma. Polishi, masikono ndi kayunifolomu sindinasiye. Anthu ankalirabe pakhonde, ndipo ine ndinkakondwera, chifukwa munthu ayenera kuikonda nyumba imene adzakalambiremo. Tsiku limene ndinapuma, kavani kanaima pakhomo pathu ku Chamboli, ndipo anatsitsa kabati ija. "Tengani mudani wanu," anatero Bambo Kapembwa. Ndi yomweyi ili m'chipinda chochezera, imene adzukulu anga amafunsa chifukwa chake mbale zake zili zisanu osati zisanu ndi imodzi. Bambo Kapembwa anatisiya zaka zitatu zapitazo. Ndinagona pa maliro awo masiku onse, ndipo ndimawathokozabe, chifukwa anaona ntchito m'manja mwa mkazi amene ankangodziwa kupukuta khonde, ndiponso chifukwa anabwerera kudzakhala pabenchi ija. Si mabwana ambiri amene akanatero.

Lero, ku Chamboli

Tsono Zakeyo, ogula akubwera Loweruka likudzali, ndipo ine ndikufuna nyumbayi ivale bwino kuposa zonse zimene ndinavekapo. Zithunzi zitsike. Cha bambo anu mundipatse m'manja, ndikakhala nacho kuseri mpaka alendo atapita. Matayala ako aja achoke pabwalo. Mkazi wako apake polishi Lachisanu madzulo, ine ndizidzalozera ndili pampando, popeza kugwada kunandikana. Pachingwe muyanike yunifolomu ya mwana wako wamng'ono. Zonsezi si bodza. M'nyumba muno munakulira ana, munaphikidwa maphwando, munaliridwa maliro, ndipo tenti inakwana. Wogula akamva zimenezo mumtima mwake, wamva zoona.

Koma mng'alu uja ndi woonanso. Unabwera ndi mizu ya mtengo wa mapeyala umene bambo anu anaubzala pafupi ndi khoma, ine ndikuwaletsa, iwo n'kumati mkazi sadziwa za kotapela, monga ankatchulira mapeyalawo. Umakula pang'ono chaka chilichonse, ndipo mmisiri anati mtengowo ukapanda kudulidwa khomalo lidzafuna kumangidwanso. Ndikudziwa kuti akauona adzatsitsa mtengo wa nyumba, kapena adzapita osabweranso. Ndikudziwanso kuti ukuchitira ine, kuti ndisapite kwa Misozi chimanjamanja, ndipo ndikuthokoza. Koma ine ndinakapapo madzi m'nyumba ya mtsikana amene anandidalitsa osadziwa kuti ndine ndani, ndipo sindikufuna kudalitsidwanso motero.

Kabati ya zovala ikhale pamene yakhala zaka zonsezi. Mayi wogulayo akafika pakhonde n'kuvula nsapato, umulandire bwino, umusiye anunkhize, alire ngati akufuna kulira. Akatha, umutolere nsapato zakezo, umupatse avale, ndipo uyambe wamutengera kuchipinda.